Musatumize ndalamazo achemwali, Neverfull yatsopano sitsika mtengo

Achemwali, musatumize ndalamazo chonde. Ndangoona chithunzi mwaikachi cha Neverfull, chikwama cha kampani ya Louis Vuitton, ndi mawu a wogulitsayo akuti "yatsopano, yotsala ku fakitale, theka la mtengo, khadi ilipo," ndipo ndachita nthumanzi. Mawu omwewa ndi amene anandidyera ndalama ine, osasintha ngakhale limodzi.

Louis Vuitton imagulitsa zikwama zake m'masitolo ake ndi pa webusaiti yake basi. Sichita sale, ilibe sitolo ya zotsala, ndipo sipereka khadi yotsimikizira kuti chikwama ndi chenicheni. Khadi imene akukunyengererani nayoyo ndiye umboni woyamba woti ndi feki. Akuba maina awa ndi akalekale. Kampaniyi inayamba ku Paris mu 1854, ndipo pofika 1896 Georges Vuitton, mwana wa amene anaiyambitsa, anachita kupanga zilembo za LV ndi timaluwa tija chifukwa anthu anali atayamba kale kukopera katundu wa bambo ake.

Ine amene anandigulitsa anali mayi wolankhula mokoma, "dear" pano "dear" apo, mavidiyo akutsegula bokosi, lisiti, kathumba kansalu kosungiramo, zonse. Ndalama zimenezo ndinasunga movutikira, ndinadzimana zambiri, chifukwa ndinali nditangokwezedwa pantchito ndipo ndinkafuna chinthu chimodzi chabwino choti ndizinena kuti ichi ndagula ndi thukuta langa. Miyezi yochepa yokha, tsiku la msonkhano waukulu ndi alendo a kampani yathu, tikutsika masitepe tonse pamodzi, abwana patsogolo, alendo kumbuyo kwanga, ndinangomva phewa lapepuka. Chogwirira chimodzi chinazuka pamsoko penipeni, chinzake chitatsala chokha nachonso chinatsatira. Amene mukuidziwa Neverfull mukudziwa kuti ilibe zipi pamwamba, imangokhala ndi kokowera kamodzi pakati. Zonse zinakhuthuka. Laputopu ya kuntchito inagunda pakona ya sitepe, foni inatsetsereka mpaka pansi galasi lonse nyenyenye, makiyi, mankhwala anga amene sindinkafuna kuti aliyense kuntchito adziwe kuti ndimamwa, mapadi, zonse mbwee pamaso pa anthu. Bambo wina mwa alendowo anatola botolo la mankhwala lija, n'kuwerenga dzina lake asanandipatse. Ndinagwada pamasitepe ndikutolera, manja akunjenjemera, msozi uli m'maso, chikwamacho ndachikumbatira pachifuwa chifukwa panalibenso pogwira. Pamene chogwirira chinazukapo pankaoneka guluu wachikasu ndi kanthu kotuwa ngati katoni, ndipo mnzanga wina amene ali ndi yeniyeni anapayang'ana, n'kundiyang'ana ine, osanena kanthu. Msonkhano wonse sindinamve chilichonse. Laputopu ija anandidula pamalipiro.

Madzulo omwewo ndinamutumizira mayi uja zithunzi. Poyamba akuti ndinadzaza katundu wolemera. Chikwama chimene chinatuluka mu 2007 ndi cholinga choti anthu azinyamuliramo zambiri, chilephere laputopu imodzi? Kenako akuti ndimutumizirenso chikwamacho pa ndalama zanga kuti "akafunse ku fakitale." Nditanena kuti ndikufuna ndalama zanga, anandibuloka paliponse, dzina la tsamba n'kusintha, zithunzi zomwe zija n'kuziikanso. Mpaka lero akugulitsa. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndinamuuza nkhani yanga yonse, kuti ndasunga nthawi yaitali, kuti ndi chikwama changa choyamba chodula, iye n'kumandiyamikira kuti ndine mayi wolimbikira, akudziwa bwinobwino chimene waika m'bokosi. Munthu wotere alibe chisoni, ndipo amasankha dala ife amene sitinagwirepo yeniyeni.

Ndinapita nacho kwa bambo wina wosoka zikopa. Anang'amba chogwiriracho n'kundionetsa: pulasitiki yopyapyala pamwamba, katoni mkati, ulusi wongodutsa pamwamba kuti anthu aone ngati chasokedwa. Atero palibe chokonza apa mayi.

Tsono za kulimba kwa yeniyeniyo, poti ena muno mukunena ngati ndi chitsulo. Thupi la chikwama chija, labulauni la zilembo, si chikopa ayi. Ndi nsalu ya thonje yokutidwa ndi pulasitiki, n'chifukwa chake imapepuka ndipo mvula siilowa msanga. Chikopa chili pa zogwirira ndi m'mphepete, amachitcha vachetta, chikopa cha ng'ombe chosapaka kanthu. Chikakhala chatsopano chimayera, ndipo dzuwa ndi mafuta a m'manja zimachidetsa pang'onopang'ono mpaka kufika mtundu wa uchi. Cha mnzanga uja chatha zaka zambiri, zogwirira zadetsedwa, pali timadontho ta madzi amvula, makona ayamba kuperepeseka, koma msoko uli nganganga. Changa chija zogwirira sizinasinthe mtundu ngakhale pang'ono, chifukwa pulasitiki simwa mafuta. Yeniyeninso imakalamba: utoto wofiira wa m'mphepete mwa zogwirira umang'aluka, nsalu ija ikapindidwa malo amodzimodzi kapena kusiyidwa potentha imathetheka. Zogwirira kampani imatha kukusinthirani mukalipira, koma nsalu ikang'aluka ndiye kuti yapita. Ndalama zambiri mukulipirazo ndi za dzina, osati za chikopa, zimenezo tisanamizane.

Wogulitsa wanuyo akakuonetsani kanambala ka mkati ngati umboni, dziwani izi. Kanambala kaja ndi zilembo ziwiri ndi manambala anayi, kamangosonyeza fakitale ndi nthawi imene chinapangidwa, si nambala ya chikwama chimodzi chokha, ndipo opanga feki amakakopera mosavuta. Kuyambira Malichi 2021 kampani inasiya kuika kanambalako, inayamba kubisa kachipangizo kakang'ono mkati mwa chikwama. Ndiye wina akati chatuluka chaka chino koma chili ndi kanambala, wadzigwira yekha. Chanel, kampani ina ya zikwama zodula, inasiya makhadi ake chaka chomwecho. Komanso musathawe chikwama chifukwa chalembedwa Made in Spain, Made in Italy kapena Made in USA, kampaniyi ili ndi mafakitale kumeneko, si France yokha. Amafeki ambiri amalemba France dala.

Ine ndinalumbira kuti sindidzagulanso chikwama kwa munthu wa pa intaneti, ndipo ndikukuuzani kuti uyu mumusiye lero lomwe. Koma ngati mtima wanu uli pa Neverfull ndipo mtengo wa kusitolo simungaufike, funani yakale kwa munthu amene waigwiritsa ntchito, ngakhale pa intaneti pomwepo. Yakale imadziulula yokha. Pemphani zithunzi zapafupi za zogwirira, pamsoko pamene zalumikizana ndi thupi, makona onse anayi ndi mkati, zojambulidwa pa dzuwa. Zogwirira zikhale zodetsedwa mosiyanasiyana, kwambiri pamene dzanja limagwira. Ulusi ukhale wofanana kutalika, wolowa m'chikopa. Mukachigwira chinunkhizeni, fungo la guluu kapena la pulasitiki yatsopano likakupyozani m'mphuno chibwezeni. Lipirani njira imene mungathe kudandaula ndalama n'kubwerera, ndipo pali makampani amene ntchito yawo ndi kuyeza zikwama zotere pa kandalama kochepa, wogulitsa akakana kuti chiyezedwe musapitirize naye.

Ndipo ngati mukungofuna chikwama cholimba chopitira kuntchito, dzina lisakupanikizeni. Kampani ya Coach, imene inayamba ku New York mu 1941, ili ndi zikwama zachikopa thupi lonse pa mtengo wotsika kwambiri, kungoti muzifunsa ngati ndi cha m'sitolo yaikulu kapena cha ku outlet, sitolo yawo ya zotsika mtengo, chifukwa zambiri za ku outlet amazipanga mwapadera kuti zizigulitsidwa komweko. Ine panopa ndimanyamula chachikopa chopanda dzina chimene anandisokera bambo aja, chili ndi zipi, ndipo ndayambanso kusunga pang'onopang'ono kuti ndikagule Neverfull yanga kusitolo yeniyeni. Screenshot ya wogulitsa wanuyo mutumize kwa ma admin amuchotse muno asanadyere wina.