Yankho kwa mayi wofunsa ngati amuletse mwana wawo kulemba pa Facebook

Mayi, funso lanu ndalimva motere. Mudamva pa wailesi kuti lamulo loletsa kunyoza mtsogoleri wa dziko lidachotsedwa, koma mukuonabe anthu akumangidwa chifukwa cha zomwe alemba pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndiye mukufuna kudziwa ngati mumuletse mnyamata wanu amene amakonda kulemba za kusowa kwa mankhwala m'zipatala ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Zomwe mudamvazo n'zoona, kumangidwa kwa anthuko n'koonanso, koma ine sindingakulangizeni kuti mumutseke pakamwa mwanayo. Ndifotokoza mofatsa chifukwa nkhawa imeneyi ali nayo makolo ambiri.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tidayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994 titachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, amanena m'gawo 35 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi kwake. Gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake a pa foni, pomwe gawo 37 limatipatsa ufulu wopeza nkhani zomwe boma likusunga. Ufulu umenewu uli ndi malire ake, koma gawo 44 likuti malirewo ayenera kukhala olembedwa m'lamulo, omveka, ndiponso oyenera m'dziko la demokalase. Choncho nzika ikadandaula kuti idapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti ikagule mankhwala kufamase, siipempha chilolezo kwa wina aliyense kuti inene zimenezo, chifukwa misonkho yogulira mankhwalawo ndi yake yomwe.

Zomwe mudamva pa wailesi zidachitika mu November 2022, pamene aphungu a Nyumba ya Malamulo adachotsa mu Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, milandu ya kuukira boma ndi mawu, n'kukonzanso lamulo loteteza mbendera ndi zizindikiro za dziko kuti lisiye kugwiritsidwa ntchito pomanga anthu onyoza mtsogoleri. Kenaka mu July 2025 oweruza atatu a bwalo lalikulu la milandu, pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele amene adamangidwa mu 2022 chifukwa cha zomwe adalemba zokhudza mkulu wa asilikali, adagamula kuti gawo 200 la Penal Code likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Gawo limenelo ndi lomwe linkachititsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu ukhale mlandu wopita nawo kundende. Apa muchenjere pang'ono, chifukwa chigamulocho sichidapereke ufulu wonamizira anthu. Woipitsidwa mbiri akhozabe kukasuma yekha kukhothi kuti alipidwe chipukutamisozi, ndipo ndalama zake zimatha kukhala zambiri ndithu. Chomwe chidatha ndi chakuti apolisi azimanga munthu pa mlandu umenewo.

Nanga bwanji anthu akumangidwabe? Gwero lake ndi lamulo lina la mu 2016, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Lamuloli lili ndi mbali zambiri zabwino, monga zolimbana ndi akuba a pa intaneti ndi anthu ofalitsa zithunzi zolaula za ana, koma muli magawo angapo amene mawu ake ndi otambalala kwambiri. Gawo 86 limakamba za kuzunza munthu kudzera pa kompyuta kapena foni, ndipo chilango chake chimafika pa K2 miliyoni ndi zaka zisanu kundende. Gawo 87 limakamba za munthu amene mwadala ndiponso mobwerezabwereza akusokoneza mtendere, bata kapena chinsinsi cha mnzake popanda cholinga chenicheni, ndipo chilango chake ndi K1 miliyoni ndi miyezi 12. Palinso gawo 91, loletsa kutumiza mauthenga ochuluka osapemphedwa, lomwe nalo lakhala likutchulidwa pa milandu ya anthu olemba za ndale. Mukaliwerenga mosamala gawo 87 muona kuti aphungu ankaganiza za munthu amene akuvutitsa mnzake usana ndi usiku, monga mwamuna wokanidwa amene sakusiya kuimbira ndi kulembera mkazi. Nzika imene yalemba kamodzi kudzudzula nduna siili m'gulu limeneli, ndipo cholinga chake n'chenicheni, chifukwa kufunsa atsogoleri za ntchito yawo ndi udindo wa wovota aliyense. Komabe chifukwa lamulolo silinena momveka kuti kusokoneza bata kumayambira pati, wapolisi akhoza kulitanthauzira momwe wafunira, ndipo munthu amagona m'chitokosi asadaonane ndi woweruza amene angaone kuti mlanduwo ulibe mutu. Kwa munthu wosauka, mausiku awiri m'chitokosi, ndalama ya thiransipoti yopita kukhothi mwezi ndi mwezi, ndi foni yolandidwa imene amachitira bizinesi, ndi chilango chokwanira ngakhale atadzapezeka wosalakwa.

Chitsanzo chimene chimandipweteka ndi cha mu May 2024, pamene khothi lina m'boma la Dowa lidapeza bambo wina wolakwa chifukwa cha kanema wa pa TikTok woonetsa nkhope ya mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo ataiika pa chithunzi chovina. Adamulamula kulipira K200,000 kapena kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi. Kanemayo adaikidwa m'gulupu la WhatsApp la anthu a dera limodzi, ndipo nkhaniyo idatuluka kudzera mwa anthu a m'gulupu lomwelo. Mfundo imeneyi mumuuze mwana wanu. N'zoona kuti mauthenga a pa WhatsApp amayenda otsekedwa moti kampani ya foni singawawerenge ali m'njira, koma aliyense amene walandira uthengawo akhoza kujambula screenshot m'kamphindi, ndipo pa chithunzicho pamaoneka dzina kapena nambala ya wolemba, tsiku ndi ola. Nambalayo idalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, pakuti kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse imayenera kulembetsedwa. Gulupu la anthu mazana awiri lili ngati bwalo la kwa amfumu, kumene mawu olankhulidwa amamveka kwa abale ndi alendo omwe.

Langizo langa kwa mnyamatayo ndi lakuti apitirize kulemba, koma azilemba zomwe waziona yekha kapena zomwe angathe kuzitsimikiza. Kunena kuti pa chipatala chakuti adapitapo Lachiwiri ndipo sadapezepo mankhwala a malungo n'kosiyana kwambiri ndi kutchula munthu dzina n'kunena kuti ndi mbava imene yagulitsa mankhwalawo, popanda umboni. Choyambacho akhoza kuchiimirira pamaso pa woweruza aliyense, pomwe chachiwiricho chingamuike pa ngongole ya zaka. Azidzudzula ntchito ndi mfundo, asiye mtundu wa munthu, thupi lake, matenda ake ndi banja lake, ndipo asalembe mawu oopseza kapena olimbikitsa anthu kuchita ziwawa, chifukwa amenewo palibe lamulo limene lingamuteteze. Asamalenso ndi mauthenga ongolandira n'kutumiza, makamaka mavoisinoti a anthu osadziwika ndi zikalata zokhala ngati zaboma zopanda siginecha, chifukwa wotumiza amayankha mlandu ngati mwini wake. Akafuna ziwerengero zenizeni, lamulo la Access to Information lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo limamulola kulembera ofesi yaboma kupempha zikalata. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi lomwe limayang'anira lamuloli. Achinyamata ambiri saligwiritsa ntchito, chikhalirecho munthu amene akulemba atanyamula chikalata cha boma m'manja ndi wovuta kumuopseza.

Foni yake aiteteze, pakuti ena amagwa m'mavuto chifukwa cha mawu amene sadalembe okha. Aike loko pa foni, atsegule chitetezo chachiwiri cha PIN pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo asapereke kwa wina aliyense manambala asanu ndi limodzi amene amabwera pa meseji, ngakhale wopemphayo atanena kuti ndi mnzake kapena wogwira ntchito kukampani ya foni. Wakuba akalanda akauntiyo amapempha ndalama kwa abale ndi kulemba zonyansa m'dzina la mwiniwake.

Zitachitika kuti apolisi amutenga, gawo 42 la malamulo aakulu limamupatsa ufulu wouzidwa chifukwa chomumangira m'chinenero chimene amamva, ufulu wokhala chete, ufulu woonana ndi loya, ndi ufulu wokaonekera kukhothi pasanathe maola 48. Inu monga kholo mulembe nthawi imene wamangidwa, polisi imene ali, ndi gawo la lamulo limene akumuimba nalo, kenaka mufike ku Legal Aid Bureau ngati mulibe ndalama ya loya. Akafuna kulowa m'foni yake, afunse mwaulemu ngati ali ndi chikalata cha khothi chowaloleza. Nkhani ya foni si yaing'ono ayi. Mu April 2022 apolisi adasunga mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa amene adamupatsa chikalata china, ndipo adatulutsidwa mabungwe monga MISA Malawi, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani, atadzudzula poyera. Kulankhula kwa anthu ambiri kumathandiza, motero banja lisabise kumangidwa kwa mwana chifukwa cha manyazi. Ngati wamenyedwa kapena kuzunzidwa ali m'manja mwa apolisi, madandaulo amapita ku Independent Complaints Commission.

Sindikufuna kuti mumve ngati ndikuti lamulo la mu 2016 lingotayidwa lonse. Amayi ndi atsikana ambiri akuzunzika pa intaneti, ena zithunzi zawo zachinsinsi zikufalitsidwa m'magulupu ndi zibwenzi zakale, ena akutukwanidwa mpaka kusiya kulankhula pagulu, makamaka amene amayesa kulowa ndale. Amenewa ndiwo eni ake enieni a magawo 86 ndi 87, ndipo ufulu wawo wolankhula ukuphwanyidwanso pamene akuthamangitsidwa pa Facebook ndi matemberero. Mtsikana wotere asafufute mauthengawo, asunge zithunzi zake pamodzi ndi nambala ya womuzunzayo, ndipo apite nazo ku Victim Support Unit ya kupolisi. Ngati ndi mwana, nambala yaulere ya 116 ilipo. Chimene chimandiwawa ndi chakuti changu chimene timachiona munthu wamkulu akanyozedwa sitimachiona kawirikawiri pamene wodandaula ndi mtsikana wa kumudzi.

Nkhondo yokonza malamulowa ikadalipo, ndipo ikufunika anthu wamba ngati ife. Mu January 2025 zidadziwika kuti bungwe la MACRA, loyang'anira mafoni, mawailesi ndi intaneti, likugula makina a madola 1.5 miliyoni a ku America kuchokera ku kampani ya ku Ghana ya Hashcom, ndipo lidati cholinga chake ndi kutsata nkhani zabodza pa masamba a mchezo. Mabungwe omenyera ufulu adadandaula kuti makina otere, pogulidwa m'chaka cha chisankho, akhoza kugwiritsidwa ntchito poyang'anira anthu otsutsa. MACRA yomweyo ndi imene idapatsidwa udindo woteteza chinsinsi chathu pansi pa lamulo la Data Protection Act la mu 2024, motero tili ndi chifukwa chofunsira amene akuyang'anira woyang'anirayo. Zosintha za mu 2022 ndi chigamulo cha mu 2025 zidabwera chifukwa atolankhani, maloya ndi mabungwe monga MISA Malawi ndi Centre for Human Rights and Rehabilitation adalimbikira kwa zaka zambiri. Chotsala tsopano ndi chakuti magawo 86, 87 ndi 91 alembedwenso momveka, kuti asiyanitse kuzunza munthu ndi kudzudzula wolamula. Phungu wa dera lanu akabwera pa msonkhano, mumufunse ngati adzavomereza kusintha kumeneku, ndipo mnyamata wanuyo alembe yankho lake pa Facebook kuti ena a m'deralo aliwerenge.