Kwezani thanki, musagule ina

Achimwene, mwati shawa yanu ikungodontha komanso thanki ikusefukira. Musataye ndalama kugula thanki ya malita 5,000 poganiza kuti shawa iyamba kutulutsa madzi mwamphamvu, sizithandiza olo pang'ono. Kwezani yomwe muli nayoyo basi. Pulesha imadalira kutalika kuchokera pamwamba pa madzi muthankimo kufika pampopi, osati kuchuluka kwa madziwo. Mamita 10 aliwonse amapereka pafupifupi 1 bar (muyeso wa pulesha), ndiye madzi anu ali pa mamita 3 pomwe shawa ili pa mamita 2, mukuyembekezera chani, azingodontha choncho.

Ine kwathu thanki inali panjerwa kuseri kwa khitchini, mpopi wapanja womwe uli m'munsi unkathira bwinobwino koma kubafa tinkasambira ndowa mpaka madam anatopa nazo, titaikweza pa sitandi ya mamita 6 zinatheka, thanki yomweyo.

Zakusefukira kwa thanki mwanenazo onani kampira koyandama mkatimo, kamene kamatseka valavu yolowetsa madzi thanki ikadzaza. Kakabooka n'kulowa madzi kamalemera, kamamira, sikatsekanso valavu.

Koma sitandi musapange nokha chonde. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, malita 2,000 ndi matani 2 ali pamwamba pa ana akusewera pansi. Itanani pulambala ndi wowotcherera wodziwa ntchito adzaone kaye malowo.