Matanga kapena nthunzi: kusankha sitima yankhondo ya masewero a patebulo

Funso: Akonzi, ife kuno ku Matawale timasewera nkhondo za patebulo Loweruka lililonse ndi tiasilikali ta mamilimita 28. Dziko lathu ndi longopeka, muli afiti, zinjoka ndi mfuti zagogodela. Tsopano tikufuna kumanga doko ndi sitima zankhondo ziwiri, koma takanika kugwirizana. Ena akuti za matanga, ena za nthunzi. Tisankhe ziti?

Yankho: Achimwene, musanakangane za maonekedwe, tengani tepi muyeze tebulo. Tiasilikali ta mamilimita 28 timafanana ndi munthu wochepetsedwa pafupifupi ka 56. Ndiye HMS Victory ya Angerezi, yomwe inamenya nkhondo ya Trafalgar mu 1805 ili ndi mizinga yoposa 100, bwalo lake la mizinga lokha lingakwane mita yathunthu. HMS Warrior ya 1860, yachitsulo, yokhala ndi matanga ndi injini pamodzi, ndi yaitali mamita 128, kutanthauza mamita awiri ndi kanthu patebulo. Tebulo la masewero nthawi zambiri ndi masentimita 180 mulitali, 120 mulifupi. Zimphona zimenezo zisiyeni.

Chomwe mukufuna ndi sitima ya masentimita 35 mpaka 45 mulitali, 10 mpaka 12 mulifupi, kuti tiasilikali titatu kapena tinayi tomatidwa pa tsinde (kapoimira) la mamilimita 25 tiime mondondozana kuchoka mbali ino kufika mbali inayo. Sitima pano ndi bwalo lomenyerana, choncho funso lenileni ndi lakuti dzanja la wosewera lilowa bwanji.

Apa ndi pamene za matanga zimavutira. N'zokongola, inde, koma milongoti itatu ndi zingwe zake zimakola malaya, zimagwetsa tiasilikali, ndipo wina akafuna kuyeza mtunda ndi tepi amathyola kanthu. Za nthunzi zokhazokha nazonso zili ndi vuto lake. USS Monitor, imene inalimbana ndi sitima ina yotchedwa Virginia ku Hampton Roads, ku America, mu March 1862, inali ngati thabwa loyandama lokhala ndi chinsanja chozungulira cha mizinga iwiri. Kuipanga n'kosavuta, chitini cha mkaka wa ufa chikwanira kukhala chinsanjacho, koma pamwamba pake palibe pobisala, ndiye aliyense wokwerapo amafa msanga ndipo masewero satenga nthawi.

Ife tingasankhe za pakatikati, za zaka zimene amalinyero anali asanaikhulupirire injini, ankaika chumuni koma osachotsa matanga. Mlongoti umodzi kapena iwiri, chumuni pakati, kanyumba ka woyendetsa, mzinga kutsogolo. Chilichonse mwa zimenezi ndi pobisalira, komanso chimapereka cholinga: gulu lina likufuna kuphulitsa injini, lina likuteteza. Ndipo popeza muli magulu awiri pa mkanganowu, palibe choletsa kuti gulu limodzi likhale ndi chombo cha thanga limodzi lopendekera, ngati zija za a Jumbe a ku Nkhotakota, linalo likhale ndi ya utsi. M'dziko la mfuti zagogodela sitima ya nthunzi imodzi imaoneka yoopsa, koma zikachuluka afiti aja amasanduka opanda ntchito.

Chitsanzo sichili kutali. Pa Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, pali mzinga wa Guendolen, sitima imene mu August 1914 inaombera Hermann von Wissmann ya Ajeremani ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Sitima za panyanja yathu masiku amenewo zinkayaka nkhuni, ndiye padoko lanu musaike malasha. Unjikani timitengo todula masentimita awiri, mumate ndi guluu, mwapeza kale linga lobisalira. Wofuna chilombo cham'madzi asavutike kubwereka cha kunja, a ku Zomba tonse Napolo timamudziwa.

Funso: Ine ndi mayi wa ku Chinamwali, ndimathandiza mwana wanga. Tinapanga sitima ya katoni ndi chithovu choyera chija chimabwera ndi TV. Titapopera penti chithovucho chinasungunuka, ndipo patapita sabata katoniyo inapindika ngati nthochi. Tinalakwitsa pati?

Yankho: Mayi, zolakwika ndi ziwiri zosiyana. Penti wopopera ali ndi mankhwala amene amadya chithovu, chimodzimodzinso Super Glue. Musanapente, pakani guluu woyera wa akalipentala, magawo awiri a guluu pa gawo limodzi la madzi, kawiri, kudikira kuti woyamba aume kaye. Pamwamba pake gwiritsani ntchito penti wa madzi ndi burashi.

Kupindikako ndi chifukwa mudanyowetsa mbali imodzi yokha. Guluu akamauma amakoka, ndiye katoni imatsata kumene kwakokako. Pakani mbali zonse ziwiri, mutsindire ndi mabuku usiku wonse. Chinyezi cha kuno kuyambira December mpaka March chimawonjezera vutoli, choncho pansi pa sitima pakhale pulayiwudi ya mamilimita 3 kapena 4, zidutswa zimene akalipentala amataya. Dulani pansi pathyathyathya, sitima iyambire pamene madzi amalekezera, chifukwa mimba yozungulira imagubuduka patebulo.

Matabwa a pamwamba pangani ndi timizere ta katoni ya mamilimita 5 mulifupi, ndipo khoma la m'mbali lisapitirire mamilimita 15, kuti kasilikali kabisike mpaka m'chiuno koma kazioneka. Mlongoti ukhale wa nsungwi, wosamata. Boolani dzenje, mulowetse kapaipi ka bolopeni, mlongoti uzilowa ndi kutuluka. Matanga akhale opindidwa, kansalu konyika m'tiyi kenako m'guluu, komangidwa ndi ulusi pa mtanda wake. Zingwe zinayi pa mlongoti zakwana. Chumuni ndi paipi ya magetsi ya mamilimita 20, yaitali masentimita 8, ndipo utsi ndi thonje lodetsedwa ndi makala osinja.

Funso: Ku Sadzi tikufunsa: mawilo opalasa m'mbali kapena pulopela?

Yankho: Pankhondo yeniyeni pulopela inapambana. Mu 1845 Angerezi anamangirira sitima ziwiri, Rattler ya pulopela ndi Alecto ya mawilo kumbuyo ndi kumbuyo, Rattler n'kuikoka inzakeyo chafutambuyo. Mawilo ankatenganso malo a mizinga pakati pa sitima, ndipo chipolopolo chimodzi chinkatha kuwathyola.

Patebulo nkhani imatembenuka. Pulopela imakhala pansi pa madzi, siioneka, pomwe mawilo amauza aliyense ali patali kuti iyi ndi ya nthunzi. Dulani pakati chivindikiro cha botolo la chiponde, theka mbali ino theka mbali inayo, ndipo pamwamba pa lililonse mumatepo kabwalo koti paime kasilikali kamodzi. Kumbukirani kuti mawilowo awonjezera masentimita anayi kapena asanu mulifupi, ndiye yezani khomo la doko musanalimate.