Kodi ziwerengero za kunenepa n'zoona?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti mchemwali wawo wa ku Britain amanena kuti kumeneko onenepa kwambiri ambiri ndi osauka, pamene kuno timaona kuti amanenepa ndi a ndalama. Afunsanso kuti ofufuza amadziwa bwanji makilogalamu a anthu, poti iwo eni sadziwa awo.

Mayi, mchemwali wanuyo sakunama, ndipo inunso mwaona bwino. M'mayiko olemera chakudya chotsika mtengo ndi chamafuta ndi shuga, choncho kunenepa kumagwira osauka, makamaka amayi. Kuno kumayamba ndi amene ali ndi kangachepe: mafuta ambiri mundiwo, tchipisi, zoziziritsa kukhosi, tsiku lonse pampando. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, amene adachita a National Statistical Office a ku Zomba, adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyeso. Ochuluka anali a m'tauni ndi a m'mabanja opeza bwino.

Funso lanu lachiwirilo ndi lomwe landikhudza. Ofufuza ena amangofunsa, ena amayeza. Ku America, kafukufuku wa patelefoni wotchedwa BRFSS adapeza kuti mu 2018 akuluakulu pafupifupi 31 mwa 100 anali onenepa kwambiri. Wina wa NHANES, woyeza munthu ndi sikelo, adapeza 42 pa nthawi yomweyo. Dziko ndi lomwelo! Munthu akafunsidwa amawonjezera msinkhu, makamaka abambo ndi okalamba, ndipo amachepetsa kulemera, makamaka amayi. Si onse amanama dala. Ena amatchula makilogalamu amene adawauza kusikelo ali ndi pakati pa mwana woyamba.

Taonani momwe zimasokonekera. Mayi wa msinkhu wa mamita 1.60 wolemera makilogalamu 78 ali ndi BMI (nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake) ya 30.5, ndipo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati kuyambira 30 ndiye kunenepa koopsa. Mayi yemweyo akati "ndine 1.63, makilogalamu 75", BMI imatsika kufika 28. Pepala likuti ali bwinoko, koma shuga ndi BP sizifunsa pepala.

Mwayi wake, a kafukufuku wa kwathu uja adayenda ndi sikelo ndi thabwa loyezera msinkhu khomo ndi khomo, n'chifukwa chake ndimamukhulupirira. Akadangofunsa sindidziwa akadalemba chiyani, chifukwa kuno munthu akaonda timayamba kunong'ona za matenda, akanenepa timati akudya bwino.

Inuyo musaganizire ayi. Mukapita kuchipatala pemphani akuyezeni kulemera, msinkhu ndi BP, alembe m'buku lanu la kuchipatala. Kunyumba bwerekani tepi ya telala muyeze mimba cha pamwamba pang'ono pa mchombo: isapyole theka la msinkhu wanu. Ngati ndinu wa masentimita 160, isapitirire 80.