Funsani Tikuyankheni: Madzi amene sitima zimakhuthula padoko ali ndi vuto lanji?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ine ndimayendetsa thiraki ndipo kawirikawiri ndimakatenga feteleza ku Nacala. Tsiku lina tikudikira mapepala ndinaona chisitima chikulavula madzi m'mbali mwake kwa nthawi yaitali ndithu. Mnzanga wa komweko anati amenewo ndi madzi a balasiti, ndipo ali ndi malamulo ake okhwima. Koma ine ndinaona madzi oyera bwinobwino, opanda mafuta. Nanga kubwezera madzi a m'nyanja m'nyanja momwemo n'kulakwa? Ndipo ngati pali choopsa, chingafike panyanja yathu?

Dalaivala, Balaka

YANKHO

Bambo, mnzanuyo sanakunamizeni. Mwina ena mwa madzi munaonawo anali oziziritsira injini, poti nawo amatulukira m'mbali, koma ngati sitimayo inkapakira katundu, ambiri anali a balasiti.

Sitima ya katundu anaipanga kuti iziyenda italemedwa. Ikakhala yopanda kanthu imayandama mopitirira, pulopela yake imatulukira pamwamba pa madzi, chiwongolero sichigwira bwino, ndipo mphepo ndi mafunde zimaikankha mmene zifunira. Ndiye oyendetsa amapopera madzi a padoko m'matanki a pansi ndi a m'mbali kuti ikhazikike. Ikafika kokatenga katundu, madzi aja amawakhuthula pang'onopang'ono katundu akulowa. Taganizirani sitima zobwera ku Nacala-a-Velha kudzatenga malasha a ku Moatize, aja amadutsa panjanji kwanu ku Nkaya n'kutulukira pa Nayuchi. Zimafika zilibe katundu, koma m'mimba mwake muli madzi a kumadoko akutali, ndipo zikuluzikuluzo zimatha kusenza madzi oposa matani 50,000.

Vuto lili pa zimene zili m'madzimo. Madzi a padoko, ngakhale aoneke oyera chotani, amakhala ndi mazira a nsomba, ana a nkhanu ndi a nkhono osaoneka ndi maso, ndere, ngakhalenso tizilombo toyambitsa matenda. M'zaka za 1991 ndi 1992 ku America anapeza tizilombo ta kolera m'matanki a sitima zochokera ku South America. Zamoyo zambiri zimafera m'njira, mumdima wa m'thankimo. Koma zina n'zolimba, zimabisala m'matope a pansi pa thanki. Kwawo kuli zinzake zozidya, n'chifukwa chake sizichuluka mopyola. Kuchilendo zikapeza chakudya koma osapeza mdani, zimaswana mopanda woziletsa.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ine ndi ya ku Black Sea, nyanja imene yazunguliridwa ndi Turkey, Bulgaria, Romania, Ukraine, Russia ndi Georgia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunapezeka kanyama kofewa, koonekera mkati, kotchedwa Mnemiopsis leidyi, kochokera kugombe la kum'mawa kwa America, kamene akuti kanabwera m'madzi a balasiti. Kukaona m'manja n'kopanda pake: kalibe fupa, kalibe mano, sikaluma munthu. Koma kamodzi kokha kamatha kuswana popanda kanzake, n'kuikira mazira masauzande. Chakudya chake ndi tizamoyo tating'onoting'ono timene nsomba zimadya, ndiponso mazira ndi ana a nsombazo. Pofika 1989 nyanja inali itadzaza, asodzi akukoka maukonde olemera ndi zinthu zoterera m'malo mwa nsomba. Nsomba za anchovy, zomwe kumeneko ndi ndiwo ya aliyense monga usipa kwathu kuno, zinatsala pang'ono kutheratu. N'zoona kuti kusodza mopyola muyeso ndi kuipitsidwa kwa madzi zinali zitafooketsa kale nyanjayo, koma kanyama aka kanadzamaliza. Maboti anaima, mabanja ambirimbiri anasowa pogwira. Chimene chinadzachepetsa mliriwo si nzeru za munthu ayi, koma kanyama kenanso kachilendo, Beroe ovata, kamene kanatulukira cha m'ma 1997 ndipo kamadya Mnemiopsis. Pofika 1999 Mnemiopsis anali atalowanso mu Caspian Sea, kumene anagwetsa usodzi wa tinsomba ta kilka.

Musaganize kuti izi n'za madzi amchere okha. Mu 1988, m'nyanja ya St. Clair pafupi ndi mzinda wa Detroit ku America, anapeza tinkhono tamizeremizere totchedwa zebra mussel, tochokera kudera lomwe lija la Black Sea ndi Caspian Sea. Sitima za panyanja yamchere zimakwera mpaka kumeneko kudzera mu St. Lawrence Seaway, njira imene inatsegulidwa mu 1959. Nkhono yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana miliyoni pachaka, ndipo anawo amakakamira pachilichonse cholimba, ena pamwamba pa anzawo, mpaka kutseka mapaipi. Mu 1989 tauni ya Monroe ku Michigan inasowa madzi a m'mipopi chifukwa paipi yokokera madzi m'nyanja ya Erie inatsekeka ndi nkhonozi pamodzi ndi ayezi. Mpaka lero makampani a madzi ndi a magetsi kumeneko amataya ndalama zankhaninkhani kupala mapaipi chaka ndi chaka. Kuzichotsa m'nyanja zazikuluzo kunakanika.

Malamulo amene mnzanu ankanena ndi a bungwe la International Maritime Organization. Mayiko anagwirizana ku London mu 2004, koma panganolo linayamba kugwira ntchito pa 8 September 2017. Zaka 13 zimenezo n'zambiri zedi, poti sitima sizinaime kudikira. Poyamba lamulo linali loti sitima isinthe madzi ake pakati pa nyanja, pamtunda wa makilomita pafupifupi 370 kuchokera kugombe, pamalo akuya mamita 200, chifukwa zamoyo za padoko sizipirira kumeneko. Kuyambira pa 8 September 2024, sitima zonse zimene panganoli limazikhudza ziyenera kukhuthula madzi oyeretsedwa kale. Zambiri zili ndi makina osefa, kenako madziwo amadutsa pa nyali za UV (nyali za kuwala kopha tizamoyo) kapena amathiridwa kolorini. Sitima iliyonse imasunganso buku lolembamo kumene inatunga madzi ndi kumene inawataya.

Ine nkhawa yanga ili pa kutsatira. Makina aja amavutika m'madzi amatope, monga a ku Beira kumene Pungwe amakhuthulira dothi lake: sefa imatseka msanga, kuwala kwa nyali sikulowerera. Sitima ikachedwa padoko ndi ndalama, ndiye chiyeso cholambalala makina chimakhalapo. Buku likhoza kulembedwa mwaudongo madziwo ali ndi zamoyo. Chofunika n'choti padoko pakhale anthu ophunzira, okhala ndi zipangizo, otapa madziwo n'kuwayeza.

Tsopano za nyanja yathu. Sitima ya panyanja yamchere singafike ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Mathithi a Shire, kuyambira pa Kapichira kukwera, anabweza Livingstone mu 1859 ndipo akadali pomwepo. Ilala yomwe inachokera ku Scotland ili zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay. Choncho balasiti wa kumadoko akutali sangathiridwe m'nyanja ya Malawi.

Komatu khomo lina lili pululu, ndipo ndi msewu umene inu mumayendamo. Ku America, nkhono za zebra mussel zija, zitatsika m'sitima, zinafalikira kunyanja zakutali za kumtunda pokakamira pa timaboti tokokedwa ndi galimoto. Ku Lake Victoria, anthu anaika okha nsomba ya Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo mitundu yambirimbiri ya nsomba zakumeneko inazimirira. Namasupuni amene amasautsa pa Liwonde ndi pa Nkula kwawo ndi ku South America. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo mbuna zathu kulibenso kwina kumene zimapezeka mwachilengedwe.

Ndiye bambo, wina akadzakupatsani hayala yonyamula boti, injini ya boti kapena maukonde kuchokera kunyanja ina, muuzeni akhuthule madzi onse asanapakire, atsuke matope ndi zomera, ndipo ziume padzuwa masiku osachepera 5 zisanalowe m'madzi akuno. Akakhala migolo ya nsomba zamoyo zoti akawete, pemphani muone kaye chilolezo cha ku dipatimenti ya za nsomba. Akazengereza, katundu ameneyo musanyamule.