Dzala la bioreactor pa msika wa Nchalo: yambani mwaona za madzi

Achimwene, mwafunsa ngati komiti yanu ingakumbe dzala lotayamo zinyalala la mtundu wa bioreactor, lomwe limawoletsa zinyalala msanga. Dzala lotere limagwira ntchito ndithu, koma pa msika wa Nchalo sindingakulimbikitseni kuyamba nalo.

Pansi pake amayalapo makande otsendera bwino ndi pulasitiki yokhuthala. Madzi akuda otuluka m'zinyalala amawapopa n'kuwathiranso pamwamba, ndipo chinyezicho chimawoletsa zinyalala msanga, mulu n'kutsika. Mpweya wa methane wotulukamo amaukoka m'mapaipi, ena amapangira magetsi. Kutentha kwa kwathu kuno kungathandize kuwolako.

Chondidetsa nkhawa ine ndi madzi. M'chigwa muno malo ambiri madzi a pansi ali pafupi, ndipo ambirife timamwa a pamjigo. Mukukumbukira mmene Shire ndi Mwanza anasefukira pa namondwe Ana mu 2022, kenako Freddy mu 2023. Dzala lonyowa kale chotere likamizidwa, uve wonsewo ukathera m'zitsime ndi m'madimba momwe ana athu amathyola ndiwo. Pampu nayonso imafuna magetsi osadukizadukiza, koma namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira tinakhala miyezi yambiri magetsi akuzimazima.

Ndikayang'ana mulu wa pamsika madzulo, zambiri ndi makoko a nzimbe, tomato wowola ndi masamba. Zimenezo muzisankhe, mupangire manyowa pamalo okwera. Majumbo ndi mabotolo aziikidwa padera.

Ngati komiti yanu ikulifunabe dzalalo, musakumbe musanaonane ndi wa zachilengedwe ku khonsolo ya Chikwawa komanso injiniya woti ayeze nthaka ndi kuya kwa madzi. Mufunsenso a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, za chilolezo.