Zitini, tayala ndi mtondo wong'aluka: yankho kwa mayi wa ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala m'nyumba ya lendi ku Area 25. Iwo akuti ataona pa Pinterest, tsamba la pa intaneti loikapo zithunzi, zithunzi za anthu amene amasandutsa zinthu zakutha kukhala zokongoletsera m'nyumba, anasonkhanitsa zitini za mkaka, mabotolo a galasi, tayala la galimoto, mapaleti (matabwa osanjikapo katundu) awiri ndi mtondo wong'aluka umene agogo awo anasiya. Atazindandalika zonsezi pabalaza, bambo a kunyumba anangofunsa kuti, "Kodi dzala lasamukira m'nyumba?" Tsono mayiwa akufuna kudziwa pamene analakwitsa, komanso kuti mwa masitayilo amene amawaona pa intaneti, monga ya ku Scandinavia, ya ku Japan, ya industrial ndi ya bohemian, atsatire iti.

Mayi, bambowo akanatha kulankhula mofatsa, koma maso awo sanawanamize. Zinthu zimene munatolazo n'zabwino, vuto n'lakuti munaziika zonse m'chipinda chimodzi, chilichonse ndi mtundu wake, ndipo diso la munthu wolowa likusowa poyambira. Musanagwire bulashi ya penti, sankhani njira imodzi yokongoletsera pabalazapo, ndipo musaisankhe potengera chithunzi chimene chakusangalatsani koposa, koma potengera katundu amene muli naye kale ndiponso fumbi la mumzinda uno. Aliyense wokhala ku Lilongwe amadziwa kuti kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, tebulo lopukutidwa m'mawa limakhala litafiiranso pofika madzulo. Chokongoletsera chilichonse chimene mukuwonjezera ndi ntchito inanso yopukuta.

N'chifukwa chake sitayilo ya bohemian, imene imaunjika nsalu zamitundumitundu, mapilo ambiri ndi zolendewera pakhoma, sindikulimbikitsani kuti muidzaze pabalaza. Ngati mumaikonda, pitani kwa atelala mukapemphe zidutswa za zitenje zimene amasesa madzulo, musoke zophimbira mapilo awiri kapena atatu zimene mungamazivule n'kuchapa, ndipo mulekere pomwepo.

Sitayilo ya ku Scandinavia inatchuka padziko lonse m'zaka za m'ma 1950, kuchokera ku Denmark, Sweden ndi Norway. Anthu a kumeneko amakonda makoma oyera, matabwa osadetsedwa ndi katundu wochepa chifukwa nyengo yawo yozizira imakhala ya mdima wautali, choncho amafuna kuti kuwala kochepa kumene kwalowa pawindo kufalikire m'chipinda chonse. Ife dzuwa sitilisowa, koma nzeru yokhala ndi zinthu zochepa ikutiyenera, makamaka m'nyumba za lendi zimene pabalaza pake pamakhala popanikiza. Mapaleti anuwo akulowa apa. Musanawagwiritse ntchito, yang'anani chidindo chimene chimakhala m'mbali mwake. Ngati palembedwa HT, ndiye kuti matabwawo anangotenthedwa pofuna kupha tizilombo, ndipo ndi abwino. Ngati palembedwa MB, anawathira mankhwala a methyl bromide, ndipo amenewo musawalowetse m'nyumba. Aphwasuleni, muzule misomali yonse, muwapale ndi sandipepala mpaka dzanja lizitsetsereka, kenaka mupake vanishi wosasintha mtundu wa thabwa. Ngati mulibe zipangizo, akalipentala a ku Mchesi angakukhomereni kashelefu kapena katebulo kafupi pa mtengo wocheperapo poyerekeza ndi kugula katsopano. Zitini zija zichapeni, muchotse mapepala, muphwanye m'mphepete mwakuthwamo ndi hamala, ndipo muzipake zonse penti wa mtundu umodzi, woyera kapena wotuwa. Zitini zitatu zofanana zitafoledwa pashelefu zimaoneka kuti munthu anachita kuganiza, pamene zitini khumi zamitundu khumi zimaoneka ngati okala ya pamsewu.

Sitayilo ya industrial inayambira ku New York, kumene akatswiri a zojambula anayamba kukhala m'mafakitale osiyidwa a ku SoHo m'zaka za m'ma 1960, osabisa njerwa, mapaipi ndi zitsulo chifukwa analibe ndalama zozibisira. Zipangizo zake sizisowa kuno: limu ya njinga, paipi yakale ya madzi, zidutswa za malata, zonsezi mungazipeze mukayenda mu Malangalanga. Ndinaonapo limu ya njinga itachotsedwa dzimbiri poiviika mu viniga usiku wonse, itapakidwa penti wakuda, masipokosi ake atasanduka popanira zithunzi za ana, ndipo inkaoneka bwino ndithu. Komabe sitayiloyi imafuna chipinda chachikulu. M'kachipinda kakang'ono, zitsulo zambiri zimangokumbutsa mlendo za galaja.

Tayala lija ndikanakonda likanakhala pakhonde. Litsukeni ndi sopo, muike thabwa lozungulira pamwamba pake, kenaka mulikulunge ndi chingwe cha khonje kuyambira pakati, mukumata ndi guluu mzere uliwonse mpaka mphira yonse itabisika. Mudzakhala ndi mpando kapena katebulo kolimba. Mukafuna kudzalamo maluwa, boolani pansi kuti madzi asamadikhe, chifukwa tayala losunga madzi nthawi ya dzinja ndi nyumba ya udzudzu, ndipo palibe kukongola kumene kungafanane ndi mtengo wa malungo a mwana.

Tsopano ndifike pa mtondo, umene m'imelo yanu munautchula komalizira ngati kuti mukuchita nawo manyazi, chikhalirecho ndiwo katundu wamtengo wapatali pa zonse zimene muli nazo. Ku Japan kuli kaganizidwe kotchedwa wabi-sabi, kamene kanakula limodzi ndi mwambo wawo wakumwa tiyi m'zaka za m'ma 1500, ndipo kamaona kukongola m'zinthu zakale, zosasalala ndi zoonetsa kuti zagwira ntchito. Iwo mbale yadothi ikasweka amailumikiza ndi utomoni wa mtengo n'kuwaza fumbi la golide pamng'alupo, luso lotchedwa kintsugi, kuti chipseracho chizionekera m'malo mobisika. Mtondo wa agogo anu uli kale ndi zonsezi. Pakamwa pake panasalala ndi manja a anthu osinja, m'kati mwake munakumbika ndi munsi kwa zaka zambiri, ndipo mng'aluwo ndiwo umboni wa mphale imene inalera banja lanu. Chonde musaupake penti wonyezimira, ndipo musatseke mng'aluwo ndi simenti. Uyang'aneni kaye ngati muli timabowo totulutsa ufa wa mtengo, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti tizilombo tikuudya m'kati. Ngati tilimo, pakani mankhwala otetezera matabwa a ku hadiweya ndipo muusiye panja pamthunzi mpaka fungo litatha. Kenaka upukuteni ndi kansalu konyowetsedwa ndi mafuta opaka matabwa otchedwa linseed pang'ono, muuimike pakona pamene pamafika kuwala kwa pawindo, muikemo mapesi ouma a mapira kapena nthambi imodzi youma. Pansi pake ikanipo kanjerwa kapena kachitsulo kuti chiswe chisaupeze msanga.

Ndimadabwa kuti ambiri a ife timasirira zinthu zotere zikajambulidwa m'nyumba za ku ulaya, koma malichero, madengu, mikeka ndi mitsuko yathu timaibisa kukhitchini alendo akamabwera. Malichero atatu osiyana kukula, ngakhale othothoka m'mphepete, atapachikidwa pamodzi pamwamba pa mtondowo amakwana kukongoletsa khoma lonse, ndipo mtundu wa nsungwi umagwirizana bwino ndi matabwa a paleti aja. Apa ndiye kuti mwaphatikiza kuphweka kwa ku Scandinavia ndi maganizo a ku Japan, koma katundu yense ndi wa kwathu konkuno, ndipo imeneyi ndiyo njira imene ine ndingasankhe nditakhala inu.

Mabotolo asungeni awiri okha, aatali mosiyana. Aviikeni m'madzi ofunda kuti mapepala amatuke, guluu wotsalira mumuchotse ndi mafuta ophikira, ndipo muwaike pawindo opanda penti. Otsalawo apatseni amayi ogulitsa thobwa kapena mafuta oyeza, adzakuthokozani.

Popeza nyumbayo ndi ya lendi, musakhome misomali pakhoma musanakambirane ndi eni nyumba, chifukwa nkhani zotere zimadzabuka pa tsiku losamuka. Malichero ndi opepuka moti tizokolowekera tomata timawagwira bwinobwino, ndipo shelefu ikhoza kuima pansi yokha. Mukamaliza mundijambulireko konayo, makamaka mtondowo, ndipo mundiuzenso zimene bambo anene ulendo uno.